Kyuteksi Wokhala Sabata Yathunthu Osabenthuka: Kudzipaka Nokha Pakhomo

Kwa nthawi yaitali mlandu ndinkaupereka kwa kabotolo. Ndikapaka kyuteksi Loweruka madzulo, pofika Lolemba kunsonga kwa chala cholozera kunkakhala kutayera kale, ndipo Lachitatu zikhadabo zonse zinkaoneka ngati zalumidwa ndi khoswe. Ndinkati n'chifukwa choti ndimagula wotchipa. Tsiku lina ndinadzimana zina n'kugula kabotolo kodula, koma nakonso sikanapirire masiku atatu. Apa m'pamene ndinayamba kuyang'anitsitsa kapakidwe kanga. Ndinkapaka nditangotuluka kosamba, m'manja nditadzola mafuta, kenako n'kuthira utoto wambiri kamodzin'kamodzi kuti ndimalize msanga. Zitatu zimenezi n'zimene zimapha kyuteksi, wodula ndi wotchipa yemwe. Nditazisiya, kabotolo kanga kakale komwe kaja kanayamba kukhala masiku 7, nthawi zina mpaka 10.

Kuti zimene ndikuuzeni zimveke bwino, dziwani kaye mmene chikhadabo chilili. Chimapangidwa ndi keratin, yemweyo amene amapanga tsitsi, ndipo ndi tizigawo topyapyala tosanjikizana. Ngakhale chimaoneka cholimba, chimamwa madzi kwambiri. Chikanyowa chimafufuma pang'ono, chikauma chimabwerera mwakale. Kyuteksi alibe khalidwe limenelo. M'kabotolo muja muli nitrocellulose ndi utoto, zosungunulidwa m'timadzi touluka msanga monga ethyl acetate ndi butyl acetate, tomwe timatulutsa fungo limene limakupezani mukangotsegula. Timadziti tikauluka, pamatsala kachikopa kolimba komatirira pachikhadabo. Ndiye mukapaka pachikhadabo chofufuma ndi madzi, pamene icho chikubwerera kachikopako kamang'aluka. Mukapaka pamene pali mafuta, kamasowa pogwira.

Zoti mukhale nazo

Mufunika chowengera zikhadabo, katupa kosalazira kamene ambiri amangokatchula kuti fayilo, kamtengo kokankhira kakhungu ka patsinde, thonje, acetone (mankhwala ofufutira kyuteksi), mafuta a m'manja, ndi timabotolo titatu: base coat (wopaka pansi poyamba), mtundu umene mwasankha, ndi top coat (wopaka pamwamba pomaliza). Ngati ndalama zakuchepera, musazitayire pa mitundu yambiri. Mtundu wotchipa umagwira ntchito bwinobwino ukakhala pakati pa base coat ndi top coat abwino, chifukwa wapansiyo ndi amene amagwira chikhadabo ndipo wapamwambayo ndi amene amalandira mikwingwirima yonse ya tsiku. Ine ndalama yanga imapita pa top coat.

Pogula katupa yang'anani nambala yolembedwapo. Nambala ikakhala yaing'ono, katupako ndi kokhakhala kwambiri. Ka 100 n'ka zikhadabo zoikirira, ndipo pa zanu zobadwa nazo kamang'amba tizigawo tija. Tengani ka 180 kapena 240. Katupa kopangidwa ndi galasi kamakwera mtengo pang'ono, koma mumangokatsuka ndi sopo ndipo kamakhala zaka ngati simunakagwetse. Thonje limasiya timaulusi timene timadzaonekera m'kati mwa utoto, choncho dulani tizidutswa ta malaya akale oyera a thonje kuti muzipukutira komaliza. Pezaninso kabulashi kakang'ono kolimba, ngakhale kakale kopakira m'maso kotsukidwa bwino. Ntchito yake muiona kutsogoloku.

Sankhani nthawi

Zochapa, zotsuka ndi kusamba zithe kaye, ndipo papite ola limodzi kapena kuposerapo manja ali ouma. Musapake mukufuna kukagona. Ndinadzukapo m'mawa wina zikhadabo zonse zitadindika mizere ya nsalu yofunda, pamene usiku zinkaoneka zouma ndikazikhudza. Mufunika maola awiri amene manja anu sagwira kanthu, ndiye tulutsirani kale foni ndi makiyi m'chikwama, tsitsi mulimangiretu, kuchimbudzi mupitiretu.

Khalani patebulo pamalo owala, zenera lili lotsegula. Acetone amayaka msanga kwambiri, ndipo nthunzi yake imatha kukoka moto uli chapatali, choncho kandulo, ndudu ndi moto uliwonse zitalikire. Musakhale pamphepo ya fani kapena padzuwa, chifukwa pamwamba pa utoto pamauma mofulumira n'kutsekera timathovu m'kati.

Kukonza chikhadabo

Yambani ndi kuchotsa kyuteksi wakale. Nyowetsani thonje ndi acetone, likanikizeni pachikhadabo kwa masekondi 10 kapena 15 osalisuntha, kenako kokerani kunsonga kamodzi. Mukamakhula uku ndi uku mumangopaka utoto wofiira pakhungu, ndipo acetone amatha msanga.

Kenako wengani ndi kusalaza zikhadabo zili zouma. Ngati mukufuna kyuteksi wokhalitsa, zifupikitseni kuti zingopitirira nsonga ya chala pang'ono. Chikhadabo chachitali chimapindika nthawi zonse mukagwira chinthu, ndipo kupindika kulikonse kumafooketsa utoto. Ngodya zakuthwa nazo n'zimene zimayamba kukola pansalu, ndiye zizungulizeni pang'ono. Katupa kayende kuchokera m'mbali kupita pakati, mopepuka, osati kucheka ngati mukudula thabwa. Mukamaliza yendetsani nsonga ya chikhadabo pansalu. Ikakola, pakadali pokhakhala.

Tsopano patsinde. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, ena posakhudzapo n'komwe, ena podula mopitirira. Yang'anani chala chanu pafupi. Pali khungu lamoyo lozungulira tsinde la chikhadabo, ndipo pansi pake pamatuluka kakhungu kakufa, koyererako, kopyapyala kwambiri, komatirira pachikhadabo n'kumakula nacho limodzi. Kakufako ndi kamene tikufuna kachoke, chifukwa kyuteksi wopakidwa pamwamba pake amamatuka kuyambira pomwepo. Donthezani kadontho ka mafuta pa tsinde lililonse, dikirani mphindi ziwiri, kenako ndi kamtengo kaja kankhirani khungu m'mbuyo pang'onopang'ono n'kupala mozungulira. Muona tinthu toyera tikuchoka ngati fumbi lonyowa. Mukamva kuwawa, mwakanikiza kwambiri.

Khungu lamoyolo musalidule. Ndi chitseko chimene chimatchinga madzi ndi tizilombo kuti zisalowe kumene chikhadabo chimamerera. Likadulidwa chala chimatha kutupa, kufiira ndi kuchita mafinya, matenda amene madokotala amawatchula kuti paronychia, ndipo kwa munthu wodwala shuga kabala kakang'ono kotere kamatha kuvuta kupola. Chodula n'kakhungu kokha kamene kasendeka kale n'kumalendewera m'mbali, ndipo mukadule ndi chowengera choyera, osati kukazula ndi mano. Ndimakonda kukumbukira kuti kampani ya Cutex, imene dzina lake tinalisandutsa kyuteksi, inayamba mu 1911 ku America ndi mankhwala ofewetsa kakhungu kameneka, utoto unabwera pambuyo. Ntchito ya patsinde ndiyo inali yoyamba kuyambira kale.

Ena amapala pamwamba pa chikhadabo kuti pakhale pokhakhala. Kwa kyuteksi wamba sikofunika kwenikweni, ndipo ngati zikhadabo zanu ndi zopyapyala musayerekeze. Chimene mwapalacho sichibwerera mpaka chikhadabo chatsopano chitakula.

Tsopano chinthu chimene chimatenga mphindi imodzi yokha koma chimawonjezera masiku. Tengani kansalu kaja, kanyowetseni ndi acetone kapena spiriti, pukutani chikhadabo chilichonse bwinobwino: pamwamba, m'mbali mmene khungu limakumana ndi chikhadabo, patsinde, ndi pansi pa nsonga. Mukuchotsa mafuta amene munadontheza aja pamodzi ndi a thupi lanu. Chikhadabo choyera chimasiya kunyezimira, chimaoneka chotuwa ngati chauma kwambiri. Chikadanyezimira penapake, bwerezanipo. Kuchokera pamenepa musagwire kumaso, tsitsi kapena foni. Mukaiwala n'kukanda mphuno, pukutaninso chala chimenecho.

Kupaka

Base coat ayambe, wopyapyala kwambiri. Amathandiza utoto kugwira, komanso amateteza chikhadabo kuti chisasanduke chachikasu chifukwa cha mitundu yakuda ndi yofiira. Mukafika kunsonga, yendetsani kabulashi m'mphepete mwenimweni mwa chikhadabo, pamene katupa kanadutsa, ngati mukutseka mlomo wake. Madzi amalowera pamenepo, ndipo kubenthuka kumayambira pamenepo. Muchita zimenezi pa base coat, pa mtundu, ndi pa top coat. Ngati zikhadabo ndi zazifupi kwambiri, kokerani khungu la kunsonga kwa chala pansi ndi chala chachikulu kuti mupeze mpata.

Kabotolo ka mtundu musakakhutchumule. Kaikeni pakati pa zikhato n'kumakagubuduza kwa theka la mphindi. Kukhutchumula kumalowetsa mpweya, ndipo timathovuto timadzatulukira pachikhadabo utoto ukamauma. Mukatulutsa kabulashi, pukutirani mbali imodzi pakhosi pa kabotolo kuti patsale kadontho kamodzi mbali inayo. Kadontho kameneko n'kokwanira chikhadabo chimodzi.

Ikani kadonthoko pakati, patali pang'ono ndi tsinde. Kankhirani kabulashi m'mbuyo mpaka patsale kampata kochepa, ngati milimita imodzi, pakati pa utoto ndi khungu, ndiye kokerani kunsonga. Bwererani patsinde, kokerani kumanzere, kenako kumanja. Katatu basi. Kampata kaja musakaone ngati cholakwika. Utoto ukakhudza khungu n'kuumira pamenepo, khungu likamasuntha ndi kutulutsa mafuta limaunyamula, madzi n'kupeza polowera. Munthu akakuonani chapatali kampatako sikaoneka, amangoona zikhadabo zopakidwa mwaukhondo.

Kupaka koyamba kudzaoneka konyansa, mizeremizere, chikhadabo chikuonekera pansi. Mtima udzafuna kubwerezapo pompo. Ugwireni. Utoto wokhuthala umauma pamwamba pokha, n'kutsekera timadzi tija m'kati, ndipo umakhala wofewa kwa maola ambiri, mwina mpaka mawa. Ndi umene umadindika nsalu, ndipo ukayamba kumatuka umachoka wonse ngati khungwa. Dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu, pakaninso kachiwiri mopyapyala momwemo, ndipo mizere ija idzatsekeka. Mitundu ina yoyera imafuna kachitatu. Kupaka katatu mopyapyala kumauma msanga kuposa kamodzi kokhuthala.

Dzanja limene simulembera limavutitsa aliyense. Ine ndimayamba kupaka dzanja lamanja pogwiritsa ntchito lamanzere, mtima usanatope. Zigongono zonse zikhale patebulo, kachala kakang'ono ka dzanja logwira kabulashi katsamire pa dzanja linalo, ndipo m'malo mopotoza kabulashi, tembenuzani chala chimene mukupakacho. Yambirani ku kachala kakang'ono kubwera mkati kuti musadutse pamwamba pa zonyowa. Zala zazikulu zisiyeni zikhale zomaliza, chifukwa nsonga zake zimathandiza kuchotsa utoto wotayikira m'mbali mwa zinazo usanaume.

Pakapita mphindi zina ziwiri kapena zitatu, pakani top coat. Uyu yekha ndi amene kadontho kake kangakhale kokulirapo, kuti kabulashi kayandame pamwamba osakanda mtundu uli pansi. Mukaona kabulashi kakutenga mtundu, mukukanikiza kwambiri kapena mwafulumira. Musaiwale kutseka kunsonga.

Tsopano kabulashi kakang'ono kaja. Kaviikeni mu acetone, kagunditseni pansalu kuti kasadonthe, n'kukayendetsa mozungulira tsinde ndi m'mbali. Utoto wonse wa pakhungu uchoka, mzere wa patsinde n'kukhala wozungulira bwino. Kusiyana kwa zikhadabo zopakidwa pakhomo ndi za ku saluni nthawi zambiri kumakhala pa mzere umenewu.

Kuumitsa

Pakatha mphindi 15 kapena 20 pamwamba pamakhala pouma. Kuti mudziwe, gunditsani mopepuka zikhadabo za tizala tating'ono tiwiri. Zikamamatana, dikiranibe. Koma kuuma pamwamba si kulimba. M'kati mumatenga maola ambiri, choncho tsiku limenelo pewani madzi otentha, kuchapa, ndi kupisa m'thumba lothina. Musauzire ndi pakamwa, mpweya wa m'kamwa ndi wofunda komanso wachinyezi. Kuviika zala m'madzi ozizira kumalimbitsa pamwamba pokha, ndipo kumapusitsa munthu kuti zatha pamene m'kati mukadali mofewa. Chimene chimathandizadi ndi kadontho ka mafuta pa chikhadabo chilichonse pakatha mphindi 10. Sikaumitsa, koma kamachititsa kuti chinthu chikakhudza chiterereke m'malo mokanda.

Mukagunda penapake utoto ukadali wofewa, musafufute zonse. Nyowetsani nsonga ya chala cha dzanja linalo ndi acetone pang'ono, sisitani pokandikapo mopepuka mpaka pasalale, dikirani, n'kupakapo top coat.

Masiku otsatira

Mdani wamkulu ndi madzi, makamaka otentha a sopo. Magolovesi a labala ochapira ndi otsukira ziwiya amateteza kyuteksi ndi khungu lomwe. Pakapita masiku awiri kapena atatu alionse, pukutani zikhadabo kuti zisakhale ndi mafuta, pakani top coat wopyapyala, n'kutsekanso kunsonga. Usiku uliwonse sisitani kadontho ka mafuta patsinde ndi pansi pa nsonga. Mafuta amene anali mdani musanapake, tsopano ndi bwenzi, chifukwa chikhadabo chosauma kwambiri chimapindika osasweka, ndipo madzi salowa mosavuta. Mafuta alionse oyera a pakhungu amakwanira, ngakhale Vaseline.

Zikhadabo musazisandutse zida. Kutsegula chitini, kukanda pepala lomata, kumasula mfundo yolimba, zonsezi pezani kiyi kapena kampeni. Samalaninso ndi mankhwala odzola othamangitsa udzudzu amene ali ndi DEET, chifukwa amasungunula kyuteksi n'kumusiya womata. Muziwadzola ndi zikhato, osafikitsa kunsonga kwa zala.

Kunsonga kukabenthuka pang'ono, salazani ndi katupa mpaka pobenthukapo pathe, kapena donthezani kautoto pamalo okhawo, kaume, n'kupaka top coat pachikhadabo chonse. Zikhadabo za m'manja zimakula pafupifupi mamilimita 3 pamwezi, ndiye pakatha masiku 10 kampata ka patsinde kamakhala kataonjezekera ndi milimita ina. Pa mitundu yakuda kamaonekera msanga, pamene pa mitundu yofanana ndi chikhadabo chenicheni sikadziwika. Ngati mukudziwa kuti sabata ikubwerayo simupeza nthawi, sankhani mtundu wofanana ndi chikhadabo chenicheni.

Kusamala timabotolo

Kyuteksi wambiri amatayidwa asanathe chifukwa walimba. Amalimba chifukwa timadzi tija tauluka, ndipo timaulukira pachitsekero chosatsekeka bwino. Mukamaliza kupaka, pukutani khosi la kabotolo ndi kansalu ka acetone kuti utoto wouma usatchinge, n'kutseka zolimba. Sungani timabotolo choimirira, kutali ndi dzuwa ndi kutentha. Amene walimba kale amatsitsimuka ndi madontho awiri kapena atatu a thinner wa kyuteksi (timadzi tosungunulira utoto wolimba), n'kugubuduza. Musathiremo acetone. Amaoneka ngati wathandiza tsiku loyamba, koma amawononga utoto, umasiya kunyezimira ndipo umabenthuka msanga. Kabotolo kamodzi ka thinner kamapulumutsa timabotolo tambiri.

Nanga gel?

Ambiri amakopeka ndi gel, mtundu wina wa zopaka zikhadabo, chifukwa amakhala masabata awiri kapena atatu, ndipo tinyali take tikugulitsidwa paliponse pa intaneti. Gel sauma ndi mpweya, amalimba ndi kuwala kwa nyale ya UV kapena LED. Vuto lili pa mankhwala a gulu la methacrylate, monga HEMA, amene ali mu gel wosalimba. Akamakhudza khungu mobwerezabwereza, kapena nyale ikakhala yosagwirizana ndi gel wakeyo n'kumusiya wosapsa m'kati, thupi limatha kuyamba kudana nawo. Zala zimayabwa, zimatuluka matuza, chikhadabo chimatha kumatuka, ndipo kudana kumeneku kukayamba sikutha. Mankhwala a gulu lomweli amagwiritsidwanso ntchito pomata mano ndi pa maopaleshoni ena a mafupa, choncho nkhaniyi simathera pa zikhadabo. Bungwe la madokotala a khungu la British Association of Dermatologists linachenjeza za zimenezi mu 2018, ndipo kuyambira mu 2021 mayiko a European Union amalola HEMA m'zopaka zikhadabo za akatswiri okha, osati zogulitsa kwa aliyense. Kwa munthu wofuna kusunga ndalama, ine ndimati khalani pa kyuteksi wamba.

Ngati muli naye kale gel pazala, chonde musamusende. Ndinachitapo zimenezi nditakhala pansi, kumangokanganula pang'onopang'ono, ndipo gel aliyense anachoka ndi tizigawo ta chikhadabo changa. Zinatsala zoyera mawangamawanga, zopindika ngati pepala, zowawa ndikaviika m'madzi ofunda, ndipo panatenga pafupifupi miyezi 6 kuti zatsopano zifike kunsonga. Njira yake ndi kupala pamwamba ndi katupa mpaka kunyezimira kuthe, kudzola Vaseline pakhungu lozungulira, kuika thonje la acetone pachikhadabo, kukulunga ndi foyilo, n'kudikira mphindi 10 mpaka 15. Gel wofewa amachoka yekha mukamukankha ndi kamtengo. Wokanirira mukulungeninso, osamukakamiza.

Mukachotsa, yang'anani

Kyuteksi wamba akafika masiku 7 mpaka 10, mufufuteni asanayambe kumatuka yekha, chifukwa pomatukapo pamabisala madzi. Mukatero sambani m'manja, dzolani mafuta ambiri, ndipo ngati mungathe pakani wina mawa lake. Zikhadabo sizipuma mpweya monga ena amanenera, chakudya chake chimachokera m'magazi, koma acetone amaziumitsa ndipo usiku umodzi wa mafuta umazibwezeretsa. Zikakhala kuti zikusendeka kapena zachita mawanga oyera, zisiyeni sabata imodzi kapena ziwiri zikungodzola mafuta.

Nthawi imene zili zosapakayi ndi yoti muziyang'ane bwino pamalo owala. Chikasu chochepa chimachokera ku utoto ndipo chimatha chikhadabo chikamakula. Koma mukaona pobiriwira, chikhadabo chikulekana ndi mnofu wa pansi, chikukhuthala n'kumafumbutuka, khungu lozungulira litatupa ndi kuwawa, kapena mzere wakuda watsopano umene ukukula m'lifupi, musaphimbe ndi kyuteksi wina. Pitani kuchipatala zikhadabo zili zosapaka, kuti adokotala akazione mmene zilili.